Kodi ndingaphatikize RAM ya 8GB ndi ya 16GB zosiyana liwiro mu desktop imodzi?

WaRyzen3600:
Moni nonse pagulu pano. Ndigawireni nzeru abale anga. Desktop yanga ili ndi pulosesa ya Ryzen 5 3600 pa bodi (motherboard) ya B450 ya masiloti anayi a RAM, momwe kompyuta imasunga zimene ikugwiritsa ntchito panthawiyo. Pakadali pano muli RAM imodzi yokha, 8GB DDR4-2666 (2666 ndiye liwiro lake), ndipo yandichepera. Ndikangotsegula Chrome pamodzi ndi pulogalamu yodulira mavidiyo, Task Manager imaonetsa kuti RAM yadzaza tho, makina n'kuyamba kukwawa. Achimwene anga andipatsa RAM ina ya 16GB DDR4-3200, ya kampani ina, imene anachotsa m'makina awo. Kodi ndiike zonse ziwiri ndipeze 24GB, kapena ndichotse yakaleyo nditsale ndi 16GB yokha? Wina wandiuza kuti kusakaniza ma RAM osiyana kumapsereza bodi. Kompyuta imeneyi ndi imene ndimadyera, sindifuna kuiika pachiswe.

Mmisiri_wa_Mabodi:
Achimwene, za kupsa kwa bodizo zichotseni m'mutu. Zonse ziwiri ndi DDR4, zili ndi mapini 288 ndipo kampata kake kali pamalo amodzi, choncho zilowa m'siloti popanda kukakamiza. Chosatheka ndi kuphatikiza mibadwo yosiyana, monga DDR3 ndi DDR4, kapena DDR4 ndi DDR5. Kampata kaja kamakhala pena, RAM silowa n'komwe.

Chofunika mudziwe ndi mmene makina amachitira mukawapatsa ma RAM osafanana. Pa RAM iliyonse pali katchipi kakang'ono kotchedwa SPD, momwe opanga analembamo liwiro, ma timing (nthawi zimene imadikira isanayankhe) ndi voltage imene RAM imeneyo ingathe. Kompyuta ikamayaka, BIOS, pulogalamu ya pa bodi imene imadzuka Windows isanayambe, imawerenga ma SPD onse n'kusankha zoti ma RAM onse atsatire. Choyendetsa RAM chimakhala mkati mwa pulosesa, ndipo sichingathamangitse iyi pa 3200 inayo pa 2666. Liwiro limakhala limodzi, voltage imodzi. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi, yamphamvuyo imatsata phazi la yofookayo. Ndiye 3200 ija musaidalire.

Musanaike chilichonse, tiwerengereni zonse zolembedwa pa zomata za ma RAM awiriwo.

Nyenyezi:
Ine sindikugwirizana nazo zoti aphatikize. A Mmisiri anena zoona kuti bodi siipsa, koma vuto silikhala pamenepo. Ma RAM amene amagulitsidwa awiri m'paketi imodzi amakhala atayesedwa limodzi, ndipo liwiro lolembedwa pa paketilo ndi lonjezo la awiri okhawo. Mukangowonjezera yachilendo, lonjezo latha. Matchipi a RAM ambiri padziko lonse amapangidwa ndi makampani atatu, Samsung, SK hynix ndi Micron, ndipo ena onsewa amagula kumeneko n'kumata dzina lawo. Ngakhale ma RAM awiri a dzina limodzi ndi nambala imodzi, ogulidwa miyezi yosiyana, angathe kukhala ndi matchipi osiyana mkati. Matchipi osiyanawo amafuna ma timing ang'onoang'ono osiyana, monga tRFC, amene salembedwa pa chomata. BIOS imangoyerekeza, nthawi zina imalondola, nthawi zina ayi.

Chimene chimandiopsa ine si kompyuta yokana kuyaka, chifukwa imeneyo mumadziwa kuti pali vuto. Yoopsa ndi imene imayaka bwinobwino koma ikulakwitsa kamodzikamodzi mwakachetechete. Mwakonza vidiyo ya kasitomala, mwasunga, pomadzatsegula fayilo yawonongeka, ndipo simungaganize n'komwe kuti ndi RAM. Achimwene anena kuti ndi makina odyera. Ikani 16GB yokhayo basi.

Mmisiri_wa_Mabodi:
Achemwali, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo tifika pa zoyesazo. Koma kusiya 16GB yokha kulinso ndi chotayika chake. Pulosesa imeneyi ili ndi njira ziwiri zolankhulirana ndi RAM, iliyonse ya 64-bit. RAM imodzi imagwiritsa njira imodzi yokha, inayo imangokhala. Tiwerengere limodzi. DDR4-3200 pa njira imodzi imanyamula 25.6GB pa sekondi ikachuluka. DDR4-2666 imanyamula 21.3GB pa njira imodzi, ndiye pa njira ziwiri ndi 42.6GB. Mukuona kuti ma RAM awiri ochedwerapo akuposa kutali imodzi yothamanga. Pa ntchito ya mavidiyo kusiyana kumeneku kumaoneka.

Mphunzi_wa_IT:
Pepani kulowerera akuluakulu. Ife tinaphunzitsidwa kuti dual channel, kuyenda pa njira ziwiri kuja, imafuna ma RAM ofanana kukula. 8 ndi 16 zingagwire bwanji?

Mmisiri_wa_Mabodi:
Funso labwino mphwanga. Kalekale zinalidi choncho pa mabodi ambiri. Makina a masiku ano amagawa. Amatenga 8GB ya RAM yaing'onoyo n'kuiphatikiza ndi 8GB yoyamba ya yaikuluyo, 16GB imeneyo imayenda pa njira ziwiri. 8GB yotsala pa yaikuluyo imayenda yokha pa njira imodzi. Intel imatcha zimenezi Flex Mode, ndipo ma Ryzen nawonso amalola ma RAM osiyana kukula. Choipa chake n'chakuti simungasankhe kuti pulogalamu yakuti ikhale mbali yothamangayo. Komabe ngakhale mbali yochedwayo imathamanga kutalitali poyerekeza ndi zimene zikuchitika panopa, pomwe Windows ikutaya zinthu pa SSD, diski yosungira mafayilo, chifukwa RAM yadzaza. Kukwawa kumene achimwenewa akudandaula kukuchokera pamenepo.

WaRyzen3600:
Zikomo nonse. Ndawerenga. Yakale ija yalembedwa 8GB 1Rx8 PC4-2666V, ndi yobiriwira yopanda chophimba. Yatsopanoyo ili ndi chophimba chachitsulo, yalembedwa 16GB 3200 16-18-18-36 1.35V.

Mmisiri_wa_Mabodi:
Eya, 1.35V imeneyo ndi imene ndimafuna kuona. DDR4 ya muyezo wa JEDEC, bungwe loika miyezo ya RAM, imayenda pa 1.2V. RAM ikalembedwa 3200 CL16 (CL ndi nambala yoyamba ya ma timing, 16 ija) pa 1.35V, ndiye kuti liwirolo limabwera pokhapokha mwayatsa XMP mu BIOS, yomwe ndi liwiro lokwera ndi ma timing ake amene opanga analemberatu pa RAM. Popanda XMP, ma RAM ambiri otere amayambira pa 2133 kapena 2400. Ndiye musadabwe mukaika zonse ziwiri n'kupeza makina akuyenda pa 2133, kuchepera ngakhale yakale ija. Anthu amaganiza kuti yochedwa ndi imene ili ndi nambala yaing'ono pa chomata, koma BIOS imayang'ana za mu SPD, osati chomata. Ilipo DDR4-3200 ina ya JEDEC yeniyeni, CL22 pa 1.2V, imene imafika 3200 yokha popanda XMP. Yanuyi si imeneyo.

Kaikidwe kake nako. Zimitsani makina, zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira atuluke, kenako gwirani chitsulo cha kesi musanagwire RAM. Igwireni m'mbali, osati pa mapini agolidewo. Pa mabodi ambiri a masiloti anayi ma RAM awiri amaikidwa mu A2 ndi B2, ndiye kuti siloti yachiwiri ndi yachinayi kuwerengera kuchokera pa pulosesa. Onaninso buku la bodi yanu kuti mutsimikize. Mukaziika moyandikana mu A1 ndi A2, zonse zikhala pa njira imodzi ndipo phindu lija latayika.

Gogo_DDR3:
Ana inu muli ndi mwayi. Kale choyendetsa RAM chinkakhala pa bodi, mu chipset. AMD inachilowetsa mu pulosesa ndi Athlon 64 mu 2003, Intel inatsatira mu 2008 ndi Core i7 yoyamba. N'chifukwa chake lero bodi imodzimodziyo ingalole ma RAM osakaniza ndi pulosesa iyi, n'kuwakana mukasintha pulosesa. Ma Ryzen oyamba a 2017 ankasankha RAM kwambiri, koma mbadwo wa 3000 umene ali nawo achimwenewa unafatsa.

Kwa amene akuwerenga muno ali ndi makina akale a DDR3, pali zina zoti musamale. DDR3 wamba ndi ya 1.5V, DDR3L ndi ya 1.35V, zonse za mapini 240. Pa chomata muona PC3 kapena PC3L. Ya L nthawi zambiri imalola kuyenda pa 1.5V, choncho imakhala bwino ndi inzake pa bodi wamba. Koma bodi yofuna 1.35V yokha musaipatse ya 1.5V. Chinanso, mabodi akale kwambiri amakana RAM ya matchipi ochepa koma akuluakulu. Mumaika ya 4GB yatsopano, makina osayaka, pomwe ya 4GB yakale ya matchipi mbali zonse ziwiri ikuyaka bwino.

Ndipo chenjerani ndi RAM yochotsedwa m'ma seva. Mukaona R pambuyo pa manambala a liwiro, kapena mawu oti Registered, imeneyo imalowa m'siloti koma desktop wamba siyaka nayo, ngakhale mutaiika yokha.

WaRyzen3600:
Abale, zavuta. Ndaika zonse ziwiri mu A2 ndi B2. Mafani akuzungulira, magetsi a m'kesi ayaka, koma pa sikirini palibe kanthu.

Nyenyezi:
Musachite mantha achimwene, ndipo musazimitse msanga. Mukasintha RAM, bodi imayamba yayesa kaye kuti ipeze mmene ingayendetsere zatsopanozo. Nthawi zina imazima n'kudziyatsa yokha kangapo. Ipatseni mphindi zingapo. Ngati bodi yanu ili ndi timagetsi tinayi tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT, tiuzeni kamene kayaka.

WaRyzen3600:
Kayaka ka DRAM, ndipo sikakuzima.

Mmisiri_wa_Mabodi:
Choyamba kukayikira ndi kakhalidwe ka RAM m'siloti. Mabodi ambiri ali ndi kotsekera mbali imodzi yokha, ndiye mbali inayo imaoneka ngati yalowa pomwe yatsala pang'ono. Zulani magetsi, chotsani zonse ziwiri, muikenso mukukankha nsonga zonse ziwiri mpaka mumve kuti thwa. Ikakanabe, chotsani batire ya CR2032 ya pa bodi kwa mphindi zingapo kuti BIOS iiwale zakale, chifukwa mwina ikuumirira ma timing a 8GB ija pa RAM zonse. Ikakanabenso, yesani imodziimodzi mu A2. Tiyenera kudziwa ngati ya 16GB ija ili yamoyo payokha tisanaimbe mlandu kusakaniza. Ngati iliyonse ikuyaka payokha koma pamodzi ayi, yatsani ndi imodzi, mukweze BIOS kufika yaposachedwa, muyesenso. Mabodi a B450 analandira ma BIOS ambiri okonza za RAM.

WaRyzen3600:
Yayaka! Ndinaziikanso n'kuchotsa batire monga mwanenera. Windows ikuonetsa 24GB. Koma Task Manager ikuti liwiro ndi 2133, ndipo pulogalamu ya CPU-Z, yoonetsa za mkati mwa makina, ikuti DRAM Frequency ndi 1066 MHz. Ndiye yatsika mpaka theka?

Mphunzi_wa_IT:
Imeneyo ndikuidziwa. DDR imatumiza kawiri pa kugunda kumodzi kwa koloko, choncho 1066 kuchulukitsa ndi 2 ndi 2133 yomweyo. Siinatsike theka. Yang'ananinso pomwe palembedwa Channel mu tabu ya Memory ya CPU-Z, payenera kuoneka Dual kapena 2 x 64-bit.

Liwiro_Patsogolo:
2133 pa Ryzen ndi kuwononga pulosesa achimwene. Lowani mu BIOS muyatse XMP, mabodi ena amaitcha DOCP kapena A-XMP. Zonse zikwera pa 3200. Yanga ndinasakaniza ndipo ikuyenda bwinobwino.

WaRyzen3600:
Ndayatsa XMP. Inafika mu Windows ikuonetsa 3200, ndinasangalala. Nditangoyamba kutulutsa vidiyo, sikirini yabuluu, MEMORY_MANAGEMENT. Nditayatsanso, Chrome ikungotseka matabu yokha.

Nyenyezi:
Zimitsani XMP pompano musanatsegule ntchito ina iliyonse. Izi ndi zimene ndimanena zija. Musasunge fayilo yofunika makina ali chonchi, ndipo musalole Windows kuika ma update.

Mmisiri_wa_Mabodi:
Achemwali akunena zoona, izimitseni. A Liwiro, yanu inayenda chifukwa munagwera pa matchipi olimba, koma si malangizo opatsa aliyense. Taonani chimene chachitika. XMP ili pa RAM ya 16GB yokha. Mutaiyatsa, bodi inatenga 3200 CL16 n'kuilamula kwa onse awiri. Kuti mudziwe nthawi yeniyeni imene RAM imapatsidwa kuti iyankhe, chulukitsani CL ndi 2000, mugawe ndi liwiro. Ya 3200 CL16 imapereka 10 ns (ma nanosekondi, tizigawo tating'onoting'ono ta sekondi). V uja wa pa PC4-2666V amatanthauza CL19, ndipo 2666 CL19 imapereka 14.25 ns. Ndiye RAM yopangidwa kuti iyankhe mu 14 ns mwaiuza kuti iyankhe mu 10. Kufika mu Windows inakwanitsa, koma itapanikizidwa inayamba kubweza zolakwika.

Njira yabwino ili pakati. XMP ikhale yozima. Mu BIOS ikani liwiro pa dzanja, DDR4-2666. Ma timing muike a yofookayo, amene muwapeza mu CPU-Z pa tabu ya SPD mukasankha siloti ya 8GB, kawirikawiri amakhala 19-19-19-43. Voltage isiyeni pa 1.2V poyamba. RAM imene imatha 3200 CL16 siivutika pa 2666 CL19, yapatsidwa nthawi yochuluka kuposa imene imafuna. Potero yakale ija ikuyenda pa muyezo wake weniweni, ndipo palibe imene ikukakamizidwa.

Liwiro_Patsogolo:
Koma a Mmisiri, pa Ryzen 3000 Infinity Fabric, njira yolumikiza zigawo za mkati mwa pulosesa, imayendera limodzi ndi koloko ya RAM. Pa 2666 ikhala 1333 MHz, pa 3200 ikanakhala 1600. Akutaya mphamvu ya pulosesa.

Mmisiri_wa_Mabodi:
N'zoona, ndipo akanakhala munthu wa magemu wofuna mafulemu ochuluka ndikanamuuza zina. Koma dandaulo la achimwenewa linali RAM yodzaza. Munthu amene RAM ikumuthera, kukula kumabwera patsogolo, njira ziwiri pambuyo pake, liwiro kumapeto. Chimene akutaya pa 2666 n'chochepa poyerekeza ndi chimene akupeza posiya kudalira SSD.

Mayi_wa_Akaunti:
Ndakhala ndikutsatira mwachidwi. Kompyuta yanga ndi ija ya mu ofesi yogula yopangidwa kale, i5 yopanda khadi la magrafiki lapadera. Ili ndi 8GB imodzi ndi siloti imodzi yopanda kanthu. Mu BIOS mwake mulibe XMP kapena poikira liwiro. Ndigule yotani bambo?

Mmisiri_wa_Mabodi:
Mayi, makina otere ambiri sakhala ndi XMP, amangotsatira SPD. Musagule RAM ya magemu ya 1.35V, chifukwa idzatsikira pa 2133 kapena 2400 n'kukokera pansi imene muli nayo kale, ndipo simudzakhala ndi pokonzera. Gulani wamba ya 1.2V. Tsegulani kesi mujambule chomata cha imene ilimoyo, mufune yofanana nayo kukula, liwiro ndi kalembedwe ka 1Rx8 kapena 1Rx16. Kampani ingasiyane, si nkhani yaikulu pa ma RAM a JEDEC. Onetsetsaninso kuti ndi yaitali ya desktop, chifukwa timakina tina tating'ono ta mu ofesi timagwiritsa SO-DIMM ya laputopu, ya mapini 260 ngati ili DDR4. Inuyo mupindula kwambiri ndi RAM yachiwiri kuposa ena onse muno, popeza magrafiki a mkati mwa pulosesa alibe RAM yawoyawo, amabwereka yomweyo.

Mphunzi_wa_IT:
Nanga DDR5? Msuweni wanga ali ndi 2x16GB pa Ryzen 7000, akufuna kuwonjezera ena awiri.

Nyenyezi:
Kumeneko ndiye ndimaletsa ndi mphamvu zonse. AMD mwini wake, wopanga ma Ryzen, amalemba kuti Ryzen 7000 imayendetsa DDR5-5200 ndi ma RAM awiri, koma ndi anayi imatsika pa DDR5-3600. Ngakhale ofanana ndendende, anayi amalemetsa choyendetsa RAM, nanji osiyana. EXPO, yomwe ili ngati XMP ya AMD, imene ikuyenda bwino panopa ikhoza kukana. Akafuna 64GB agule 2x32GB, akalewo achotse.

Mmisiri_wa_Mabodi:
Pa DDR5 ndili mbali ya achemwali popanda kutsutsa.

WaRyzen3600:
Ndaika 2666 ndi 19-19-19-43 pa 1.2V. Yayaka msanga, 24GB, CPU-Z ikuti Dual. Ndatulutsa vidiyo ija mpaka kumapeto popanda vuto. Ndiye zatheka?

Nyenyezi:
Ayi achimwene, sizinatheke mpaka mutayesa. Vidiyo imodzi siigwira RAM yonse. Ikani pulogalamu yoyesera RAM, MemTest86 kapena Memtest86+, pa flash, muyatse makina kuchokera pa flash imeneyo, muisiye usiku wonse. MemTest86 yaulere imazungulira kanayi, ilekeni imalize. Cholakwika ngakhale chimodzi chokha ndiye kuti zalephera, palibe zoti n'chochepa. Windows Memory Diagnostic ilipo koma imayesa mopepuka, zambiri zimaidutsa. Ikatha imeneyo, yesaninso mkati mwa Windows ndi pulogalamu ngati OCCT kesi ili yotseka, chifukwa khadi la magrafiki likatentha mpweya wake umafika pa RAM, ndipo zolakwika zina zimaoneka pokhapokha patenthedwa. Komanso popeza makina anagwa XMP ili yoyaka, tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe sfc /scannow kuti muone ngati mafayilo a Windows sanakhudzidwe.

Mmisiri_wa_Mabodi:
Chitani zonse zimene anena achemwalizo. MemTest ikapeza cholakwika, musathamangire kutaya RAM. Yesani iliyonse payokha kaye. Imodzi ikalakwitsa payokha pa liwiro lake la SPD, ndiye kuti ndi yodwala. Zikadutsa payokhapayokha koma pamodzi zikulakwitsa, tsitsani pa 2400 muyesenso, kapena kwezani voltage pang'ono osapyola 1.35V. Zikakanabe, pamenepo ndidzavomereza kuti ya 8GB ituluke.

WaRyzen3600:
Mwadzuka bwanji nonse. MemTest86 yamaliza, palibe cholakwika. OCCT nayo yadutsa kesi ili yotseka, ndipo sfc sinapeze vuto. Ndatsegula ntchito yanga yonse monga mwa masiku onse, Task Manager ikuonetsa kuti RAM yogwira ntchito yapyola pang'ono 16GB, ndiye ndikanasiya imodzi ija ikanadzazanso. Ambuye akudalitseni nonse. Kodi ndingayese 2933?

Nyenyezi:
Ndakondwa kuti zadutsa. Lembani manambala amene mwaikawo papepala, ndipo muwasungenso ngati profile mu BIOS. Tsiku limene mudzakweze BIOS kapena batire ija ikadzatha, zonse zidzabwerera pa Auto ndipo mudzapezeka mulinso pa 2133 osadziwa. Mukadzafuna kuwonjezera m'tsogolo, musadzaike yachitatu pamwamba pa awiriwa, mudzagule awiri a paketi imodzi.

Mmisiri_wa_Mabodi:
2933 mungayese tsiku limene mulibe ntchito ya kasitomala, koma dziwani kuti pamenepo ya 8GB ija idzakhala ikuyenda kupyola muyezo wake. Mudzafunika kumasula ma timing kufika 21-21-21, mwinanso kukweza voltage, kenako kuyesanso usiku wonse kuyambira pachiyambi. Pa 2933 CL21 nthawi yoyankha ndi 14.3 ns, pafupifupi yomweyo muli nayo panopa, chokwera ndi kunyamula kokha, kuchoka pa 42.6GB kufika 46.9GB pa sekondi. Akanakhala makina anga odyera, ndikanawasiya pa 2666.